Mbiri ya Si Singamangaraja XII, Mfumu Yosungidwa ndi Midzi ya Apakpak

Mbiri za mafumu zikonda kuchula nkhondo zimene anapambana, maiko amene analanda, ndi cuma cimene anakundika. Koma mfumu imene tikusimbirani mwezi uno inagonjetsedwa pa nkhondo zace zonse zazikuru. Mudzi wace unatenthedwa kawiri. Ndipo zaka zace zotsiriza, pafupifupi makumi awiri, inazitha iri mlendo m'timidzi ta m'mapiri, ikudya mpunga wa anthu a cinenero cina. Dzina lace ndi Si Singamangaraja XII, wa ku Sumatra. Boma lamphamvu la Azungu linamfunafuna zaka zonsezo osampeza, ndipo tikafuna kudziwa cifukwa cace, tiyenera kulowa m'midzi ija ndi kuona anthu amene anamsunga, ndiwo Apakpak.

DZIKO LACE

Sumatra ndi cisumbu cacikuru ca kum'mawa, tsidya lija la nyanja ya mcere imene iri kuseri kwa Mozambique. Lero ciri m'dziko la Indonesia, koma masiku a mbiri yathu Adachi, ndiwo Azungu a ku Holland, analikucilanda cigawo cigawo. Ca kumpoto kwa cisumbuco, pamwamba pa mapiri, kuli nyanja ya madzi akumwa yochedwa Toba, m'litari mwace makilomita 100 ndi m'mimba mwace 30. Iri yaing'ono poilinganiza ndi nyanja yathu, koma ndi yakuya ndi yozingidwa ndi magomo. Mitundu yokhala m'mapiri ozungulira nyanjayo ichedwa pamodzi Abatak, ngakhale uli wonse uli ndi cinenero cace: Atoba m'mphepete mwa nyanja ndi kumwera kwace, Akaro kumpoto, Asimalungun kum'mawa, ndi Apakpak kumadzulo. Dziko la Apakpak, limene lichedwanso Dairi, ndilo la nkhalango zowirira ndi zigwa zakuya. Mitsinje yace yambiri itsikira ku nyanja ya mcere ku Singkil, ndipo njira zace za miyendo zifika ku dooko lakale la Barus.

KUBADWA KWACE NDI UFUMU WACE

Mfumuyi inali Mtoba wa pfuko la Sinambela. Inabadwa m'zaka za m'ma 1840 ku Bakkara, cigwa ca minda ya mpunga m'mphepete mwa nyanja ya Toba, cocingidwa ndi mapiri mbali zitatu. Dzina lace lobadwa nalo ndi Patuan Bosar, ndipo atakula anachedwanso Ompu Pulo Batu. Si Singamangaraja ndi dzina la mpando, monga Kalonga kwa Amaravi, ndipo litanthauza mkango, mfumu yaikuru. Makolo ace khumi ndi mmodzi analitenga iye asanalitenge, ndico cifukwa cace alembedwa XII. Iye analowa m'malo mwa atate wace m'zaka za m'ma 1870.

Ufumu umenewu unali wa mtundu wina. Abatak analibe mfumu imodzi yolamulira onse. Mudzi uli wonse unali ndi mwini wace ndi linga lace, ndipo midzi inkamenyana kawiri kawiri pa mirandu ya malire, ya ngongole ndi ya ukwati. Si Singamangaraja sanali kukhometsa anthu msonkho monga acita maboma, ndipo analibe gulu lalikuru la asilikari okhala kwace masiku onse. Mphamvu yace inali ya cipembedzo ca makolo, yofanako ndi imene anali nayo Makewana wa ku Msinja pakati pa Acewa. Anthu anakhulupirira kuti Batara Guru, mmodzi wa milungu yao, akhala mwa iye. Kuti pemphero lace ligwetsa mvula m'cilala. Ndi kuti mpunga ubala iye akaudalitsa. Mwambo wao unati wolowa ufumu azindikirika pakusolola m'cimace lupanga la makolo lochedwa Piso Gaja Dompak, ndi pakupempha mvula nigwa. Poyenda iye m'midzi, omenyana anayenera kuika zida pansi, ndi omangidwa m'zigologolo cifukwa ca ngongole anayenera kumasulidwa. Cotero dzina lace linamveka ndi kuopedwa kutari, ngakhale kwa Apakpak amene sanali a mtundu wace.

KUDZA KWA AZUNGU

M'caka ca 1871 Angerezi ndi Adachi anapangana kuti Adachi acite monga afuna ku Sumatra, ndipo mu 1873 Adachiwo anayamba nkhondo yaitari ndi dziko la Asilamu la Aceh, ku nsonga ya kumpoto kwa cisumbu. Dziko la Abatak linatsala pakati, lodzilamulira lokha. Kumwera kwace kunali kutafika kale amishoni a ku Germany, a Rhenish Mission ya ku Barmen. Wochuka wa iwo ndiye Ludwig Ingwer Nommensen, amene analowa m'cigwa ca Silindung mu 1864, nabatiza anthu oyamba mu 1865, namanga pambuyo pace pa malo ochedwa Pearaja. Anali munthu wopirira, wociza odwala ndi wodziwa cinenero ca anthu, ndipo Cipangano Catsopano cimene anamasulira m'Citoba cinasindikizidwa mu 1878.

Mfumu ya ku Bakkara inaona kuti obatizidwa aleka nsembe za makolo zimene zinamanga midzi pamodzi, niona kuti kumene afika aphunzitsi, boma la Adachi lisendera pambuyo pao. Pakutha pa caka ca 1877 kunamveka mphekesera yakuti mfumu irinkudza ndi ankhondo a ku Aceh kudzaingitsa Azungu. Amishoni anaopa, napempha boma kuti litumize asilikari, ndipo asilikariwo anafika mu February 1878. Pomwepo mfumu inamema anthu, nkhondo niyamba ku Bahal Batu. Abatak anali ndi mikondo, malupanga ndi mfuti zakale za gogodera; Adachi anali ndi mfuti zatsopano ndi mizinga. Mu May 1878 Bakkara anagwa natenthedwa, ndipo midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanja inalipitsidwa ndi kulumbiritsidwa kuti imvere boma.

Pali cinthu cimodzi pano cimene sitiyenera kucibisa. Pa ulendo wa nkhondowo Nommensen ndi mnzace Simoneit anatsagana ndi asilikari monga omasulira mau ndi odziwa njira. Iye anayesa kuti pokopa eni midzi kugonja msanga adzacepetsa mwazi. Koma anthu a m'midzi yotenthedwa anaona mphunzitsi wa mtendere alikuyenda pamodzi ndi otentha nyumba zao, ndipo nkhani imeneyi Abatak ophunzira akali kuikambirana ndi cisoni kufikira lero.

Mfumu sinagonje. Mu 1883 inasonkhanitsanso anthu, nithira nkhondo ku Uluan ndi ku Balige. Inabvulazidwa ndi cipolopolo, ndipo Bakkara anatenthedwa kaciwiri caka comweco. Mu 1889 inayesanso ku Lobu Talu, koma Adachi anaonjezera asilikari naipitikitsa. Tsono m'dziko la Atoba munalibenso pokhala iyo. Inatenga banja lace ndi omtsata otsala, nikwera mapiri a kumadzulo, nilowa m'nkhalango za Dairi.

MUDZI WA APAKPAK MASIKU AJA

Tiyeni tiime pano pang'ono, tione anthu amene anailandira. Apakpak agawika zigawo zisanu zimene azicha suak: Simsim, Keppas, Pegagan, Kelasen ndi Boang. Mfumu inakhala makamaka m'cigawo ca Kelasen, copakana ndi Atoba, m'dera lochedwa Si Onom Hudon, ndiko kunena miphika isanu ndi umodzi, cifukwa ca mafuko asanu ndi limodzi okhala kumeneko. Malo ace anali pa mudzi wochedwanso Pearaja; cotero mfumu ndi mmishoni anakhala m'midzi ya dzina limodzi, wina m'cigwa ca Silindung, wina m'mapiri a Dairi.

Mudzi wa Apakpak, umene aucha kuta, unali wa nyumba zowerengeka, womangidwa pa malo obvuta kufikako adani, ndi wozingidwa ndi linga ndi nsungwi. Nyumba zinali za matabwa, zoimikidwa pa nsanamira, ndi denga lace la ulusi wakuda wa mtengo wina wa kanjedza. Pansi pa nyumba panagona nkhumba ndi nkhuku. Pamwamba panakhala mabanja angapo a cibale cimodzi, liri lonse ndi mafua ace. Panalinso nyumba ya amuna yochedwa bale, imene inali bwalo la mirandu usana, ndi mphala ya anyamata ndi alendo usiku. Mwini mudzi anachedwa pertaki, ndipo anacokera m'pfuko la oyamba kutema nkhalango pamenepo, pakuti dziko linali la pfuko limenelo.

Kwa Apakpak mwana atenga pfuko la atate wace, ndi mkazi apita kwao kwa mwamuna atapereka cuma, monga acita Angoni. Cibale cao acicha sulang silima, ndiko kunena magawo asanu, ndipo cioneka bwino pa phwando: nyama ikaphedwa, cibwano cipita kwa a mzere wa mkuru, pfupa la pakati kwa a mzere wa pakati, mcira kwa a mzere wa mng'ono, ndi magawo otsala kwa acibale a cikwati. Palibe mlandu waukuru, ukwati kapena maliro, umene ukatha popanda onsewo kukhalapo. Mudzi wotere ulibe cinsinsi m'kati mwace, pakuti onse adziwana; koma kwa wakunja ukhoza kutseka pakamwa monga munthu mmodzi.

Cakudya cao cacikuru cinali mpunga wa kumtunda. Anatema nkhalango m'mbali mwa phiri, natentha mitengo itauma. Amuna anatsogola ndi ndodo zosongoka kuboola nthaka, akazi natsata pambuyo kuponya mbeu. Kucokera pamenepo nchito inali kupalira ndi kulonda, pakuti mbalame, nguluwe ndi apusi a m'nkhalango safuna kuitanidwa. Anakolola kamodzi pa caka, ndipo munda ukaguga anausiya umerenso mitengo, nakatema pena. Nkhokwe ikayamba kupepuka anadya mbatata, cimanga ndi zina za m'nthaka. Phokoso loyamba la m'bandakuca m'midzi imeneyi linali la misi ya akazi osinja mpunga.

Koma cuma cao ceniceni cinali m'nkhalango. Mumamera mtengo wa utomoni wonunkhira wonga lubani, umene iwo aucha kemenjen, ndi amalonda a kunja aucha benzoin. Mwamuna anatenga kamba wa mpunga ndi mcere, nakagona m'msasa m'nkhalango masiku ambiri. Anakwera mtengo, napala khungwa lace, naliboola ndi kacitsulo m'malo ambiri, nalimenya. Ndipo itapita miyezi ingapo anabwerera kudzakanganula utomoni utauma. Pokhala yekha pamwamba pa mtengo, kutari ndi mkazi ndi ana, anaimba nyimbo za cisoni zochedwa odong-odong, zimene zinamtonthoza mtima ndi kudziwitsa anzace a tsidya lina la cigwa kuti ali moyo. M'nkhalango za kunsi munali mtengo wina wautari kwambiri, umene m'kati mwace mupezeka timibulu toyera tonunkhira ta mankhwala tochedwa kapur. Koma tipezeka m'mitengo ina yokha, ndipo ofunafuna akhoza kugwetsa yambiri osapeza kanthu.

Zinthu ziwirizi anazisenza pamsana masiku angapo kutsikira ku Barus, nabwera nao mcere, nsaru ndi citsulo. Malonda amenewa ndi akale ndithu: pafupi ndi Barus, pa Lobu Tua, panapezeka mwala wolembedwa ndi amalonda a Citamil a ku India m'caka ca 1088. Ndipo m'miyambo ya Apakpak muoneka zizindikiro za kukomana kumeneko. Anali kutentha mafupa a akuru ao ndi kusunga phulusa m'timiphika ta mwala. Ndipo pafupi ndi midzi anaimika mafano a mwala ochedwa mejan, a munthu wokwera pa njobvu kapena pa kavalo, okumbutsa kholo la pfuko ndi kulonda mudzi. Ena a mafanowa alipobe. Anali nazo zilembo zao zolemba pa nsungwi ndi pa makungwa, ndipo cinenero cao anacifufuza katswiri wa zinenero H. N. van der Tuuk pokhala iye ku Barus m'zaka za m'ma 1850.

Ticulenso cakudya cimodzi. Amuna akamuka kunkhondo, kapena ku nchito iri yonse yoopsa, akazi anawaphikira pelleng, ndiwo mpunga wofewa wosakaniza ndi cikasu, tsabola ndi zowawasa, wodya ndi nkhuku, kuti mitima yao ilimbe. Apakpak akali kuphika pelleng masiku ano pamene mwana amuka kutari kukaphunzira kapena kukafuna nchito.

MFUMU PAKATI PA ALENDO

M'midzi yotereyi Si Singamangaraja anakhalamo ndi amace, akazi ace, ana ace ndi ankhondo ace. Inu amene mulima mudziwa kulemera kwace kwa cinthu ici. Mlendo wa tsiku limodzi akondweretsa nyumba. Koma khamu la alendo lokhala caka ndi caka pa mudzi wokolola kamodzi lipepuza nkhokwe mvula isanagwe. Mtanga uli wonse wa mpunga wopita kwa mfumu unacoka pakamwa pa ana a mwini munda. Ndipo cinkana zinatero, anthu anapereka.

Zifukwa zace zinali zitatu. Coyamba, anamlemekeza monga wansembe wamkuru, naona kukhala kwace pakati pao ngati dalitso pa minda yao. Caciwiri, mafuko a Kelasen anali ndi cibale ndi cikwati ndi Atoba a m'malire, ndipo mwa mwambo wao mbale wothawa sabwezedwa pakhomo. Cacitatu, Dairi linali dziko limene Adachi anali asanalilande, ndipo eni midzi anazindikira kuti mfumu ikagwa, ufulu wao ugwa nayo pamodzi.

Dziko lenilenilo linawathandiza. Kunalibe mseu, njira zinali za munthu mmodzi, zokwera ndi kutsika m'maphompho, zoterera ndi mvula ya miyezi yambiri, zodzala ndi misundu, mitsinje inaolokedwa pa maulalo a zingwe za m'nkhalango, amene munthu mmodzi akhoza kuwadula ndi cikwanje. Gulu lalikuru la asilikari, ndi amtengatenga ace, linamveka lisanafike. Ndipo amuna aja ozolowera kugona m'nkhalango pofuna utomoni anadziwa tinjira tonse, nakhoza kufikitsa mau msanga ndi kuperekeza mfumu kwina. Njira zomwezo za malonda zinafikitsa onga ndi mfuti kucokera kunyanja, ndi amithenga kucokera ku Aceh. Ali kumeneko mfumu inatumiza makalata osindikizidwa ndi cidindo cace, ca zilembo za Cibatak ndi za Ciarabu, ndipo anthu a kutari anamvera mau ace ngakhale sanaione nkhope. Boma linaitumizira mau kuti idzipereke, koma inakana.

KUSAKIDWA NDI IMFA YACE

Nkhondo ya ku Aceh itayamba kuzirala, Adachi anatembenukira kumapiri. Mu 1904 G. C. E. van Daalen anapyola maiko a Gayo ndi Alas ndi asilikari ace, napha anthu zikwi m'malinga ao, amuna, akazi ndi ana, nafika m'dziko la Abatak. Kuyambira pamenepo Dairi analibenso mtendere. Midzi yoganiziridwa kuti idyetsa mfumu inalipitsidwa kapena kutenthedwa, ndi eni ace kugwidwa.

Mu 1907 boma linatuma Kapitao Hans Christoffel, wobadwira ku Switzerland, wodziwika pa nchito yosaka atsogoleri othawa. Anali ndi asilikari ochedwa marsose, oyenda m'timagulu tating'ono, onyamula okha cakudya cao, ndi mfuti yaifupi ndi lupanga. Ambiri a iwo sanali Azungu, koma anthu a zisumbu zina za dziko lomwelo. Amenewa anayenda usiku ndi usana osapumula, nafunsa anthu mwankhanza, nakakamiza ena kuwalondolera njira. Pakuti si onse anakhoza kupirira, ndipo sitiweruza munthu woulula mfuti iri pa cifuwa ca mwana wace. Mfumu inacoka m'mudzi nibisala m'misasa ya kuminda ndi m'mapanga, isamuka kawiri kawiri, ndi njala inagwira omtsata. Amace, Boru Situmorang, ndi mkazi wace, Boru Sagala, anagwidwa pamodzi ndi ena a ana.

Pa 17 June 1907 asilikari anaipeza m'cigwa ca kamtsinje ka Aek Sibulbulon, m'dera lomwelo la Si Onom Hudon. Otsala nayo anali ocepa. Inakana kudzipereka, niphedwa pomwepo, ndipo pamodzi nayo anafa ana ace amuna awiri, Patuan Nagari ndi Patuan Anggi, ndi mwana wace wamkazi, Lopian. Anthu a kumeneko asimba kuti mfumu inali ndi cosala cakuti isakhudze mwazi, ndi kuti cipolopolo sicikanailowa. Koma poona mwana wace wamkazi atalasidwa inamfukata, mwazi wace nuikhudza, ndipo mphamvu yace inacoka. Ife sitikhulupirira kuti pali thupi losalowa cipolopolo; koma nthanoyi itionetsa umo anthu anaikumbukira, monga atate woiwala moyo wace cifukwa ca mwana.

ZOTSATIRA ZACE

Adachi ananyamula mtembo kutsika nao m'mapiri, nauonetsa kwa anthu kuti asakaike, nauika ku Tarutung pa 22 June 1907. Ngakhale anatero, ambiri anakana kubvomereza kuti wafa, ndipo zaka zingapo pambuyo pace kunauka magulu oyembekeza kubwera kwace. Otsata cipembedzo ca makolo ochedwa Parmalim, amene likuru lao liri ku Huta Tinggi pafupi ndi Laguboti, akali kumlemekeza. A banja lace otsala anasungidwa ndi boma ku Silindung, ndipo ena a ana ace anabatizidwa pambuyo pace. Nommensen anamwalira ku Sigumpar mu 1918, mpingo wa Abatak utakula kwambiri.

Kwa Apakpak imfa ya mfumu inali kutha kwa masiku akale. Boma linakhazikitsa ulamuliro wace ku Sidikalang, likhometsa msonkho ndi kugwiritsa amuna cibalo ca miseu. Pa miseu yomweyo panadzera Atoba ambiri ofuna minda, aphunzitsi ndi amalonda, kufikira kuti m'madera ena eni dziko anacepa pakati pa obwera, ndipo cinenero cao cinapanikizika. Ena a Apakpak analowa Cisilamu, ena Cikristu. Ndipo Akristu ao, atakhala zaka zambiri m'mpingo wa Atoba, anaimika mpingo wao wa cinenero cao mu 1991. Mu 2003 boma la Indonesia linapatula cigawo ca Pakpak Bharat, likuru lace Salak, kuti Apakpak akhale ndi boma laling'ono lao lao. Malo amene mfumu inafera ali tsopano m'dera la Parlilitan, ndipo m'mapiri amenewo amuna akali kukwera mitengo ya kemenjen.

Indonesia atalandira ufulu, mafupa a mfumu anafukulidwa mu 1953 naikidwa mwaulemu pa Soposurung, ku Balige, pafupi ndi nyanja ya makolo ace. Mu 1961 boma linailengeza ngwazi ya dziko lonse. Cithunzi cojambulidwa ca nkhope yace cinaikidwa pa ndalama ya pepala ya 1,000 rupiah ya 1987, ndipo miseu yaikuru ku Medan ndi ku Jakarta ichedwa dzina lace.

CIMENE TIPHUNZIRAPO

Abale, dzina la mfumuyi liri pa miseu ndi m'mabuku a sukulu, ndipo liyenera kutero, pakuti inapirira zaka 29 osagulitsa dziko la makolo ace pofuna mtendere wa iyo yokha. Koma maina a amai amene anasinja mpunga wace m'bandakuca, a anyamata amene anathamanga usiku m'nkhalango kukaicenjeza, ndi a eni midzi amene nyumba zao zinapsa cifukwa ca iyo, sali pa mseu uli wonse. Popanda iwo mfumu ikadagwidwa zaka zambiri isanafike 1907, ndipo mbiri yace ikadakhala yaifupi.

Ambiri a ife tikhala m'midzi yaing'ono imene siidziwika kutari, ndipo nthawi zina tiyesa kuti zocita zathu ziribe kanthu. Mbiri iyi itikumbutse kuti nchito zazikuru zimene dziko litama zisenzedwa ndi anthu a m'midzi yotere, ndi mitanga yao yaing'ono. Tsono ali yense adzifunse mumtima: wina akafika pakhomo panga ali m'tsoka, wosakhala wa mtundu wanga, ndipo kumsunga kudzanditayitsa za m'nkhokwe ndi mtendere womwe, kodi ndidzacita monga anacita Apakpak a ku Si Onom Hudon?